Tafunsani Amalume: zosaka gwape ndi uta ndi mivi

Mwezi uno makalata a zosakasaka abwera angapo, ena ochokera kunja ena a konkuno, ndiye ndawaika pamodzi. Mayina tachotsa monga mwa nthawi zonse.

Amalume, ine ndili ku South Bend ku Indiana, ndimagwira ntchito pa fakitale ina. Pali bambo wina wachizungu timakhala shifiti imodzi, wachikulire ndithu, iyeyu Okutobala aliyense amatenga holide nkupita kutchire kukasaka ma deer, agwape akunokunotu, koma osati ndi mfuti ayi, ndi uta wamtengo wopanda mawilo akuti recurve. Wandiuza kuti chaka chino tipitire limodzi ndipo wandibwereka uta wake wakale wolembedwa 50#. Ine kwathu ku Dedza ndinkangodziwa legeni ndi kukumba mbewa basi. Kodi ndingazithe? Nanga sindingamangidwe nazo? — Mphwanu wa ku Indiana

Mphwanga, ungazithe ndithu, koma ndikuuziretu poyera kuti ngati utawo wayamba kuugwira mwezi uno, chaka chino upite ndi bambowo ngati woperekeza chabe, ukakhale phee pambali pawo uzikaona mmene akuchitira, mivi yako usiye kunyumba. Ndipo uta wa 50 umenewo uupachike kaye. Nambala imeneyo ikutanthauza mapaundi 50, ndiye kuti ukakoka nsinga mpaka mainchesi 28, zala zako zitatu zikugwira mphamvu ya makilo pafupifupi 23, ndipo recurve sukumvera chisoni, mmene ukukokera ndi mmenenso ukulimbira, kusiyana ndi wamawilo uja wa compound umene ukafika kumapeto umafewa nkukulola kuima nawo kanthawi uku ukulunjikitsa. Munthu woyamba kumene akatenga uta wolemera amaphunzira zolakwika, amakweza phewa, amataya nsinga isanafike pakamwa, amapinda khosi kutsatira nsinga, ndiye zizolowezi zimenezi kudzazichotsa pambuyo pake ndi chintchito choposa kuphunzira koyamba. Peza wa mapaundi 25 olo 30. Pali mauta ena omasula, chogwirira pachokha mikono yake payokha, ndiye ukalimba umangogula mikono yolemererapo osagulanso uta wonse.

Ugule kachikopa kotchinga zala ndi kena kovala pamkono, chifukwa nsinga ikakumenya mkati mwa mkono imasiya chilonda cha ndithu. Pomanga nsinga gwiritsa ntchito kachingwe kaja amati stringer, osapinda uta pamwendo, umapotoka. Ndipo usadzayerekeze kukoka nkutaya nsinga popanda muvi, mphamvu yonse imabwerera mu uta ndipo ukhoza kusweka m'manja mwako.

Kaponyedwe kake nkosavuta kufotokoza koma kumafuna miyezi. Uima chammbali, chala chimodzi pamwamba pa muvi ziwiri pansi kapena zonse zitatu pansi, ukoka ndi msana osati ndi mkono mpaka chala chikhudze pakona pa mlomo, malo omwewomwewo nthawi zonse, maso onse awiri ali pa kadontho kamodzi kamene ukufuna kulasa, kenako ungomasula zala, dzanja la uta osaligwetsa mpaka muvi utafika. Yambira pa mamita 5, kenako 10. Mivi yochepa tsiku lililonse imaposa mivi yambirimbiri Loweruka lokha. Apa legeni yako ya ku Dedza ikuthandiza kuposa mmene ukuganizira, chifukwa uta wotere ulibe choyang'anirapo, diso ndi dzanja zimangozolowerana zokha. Malo ofunika kulasa pa gwape, mapapo ndi mtima, ndi aakulu ngati mbale ya nsima basi. Mtunda umene mivi yako yonse ikulowa m'mbale yotero, makamaka muvi woyamba wa m'mawa thupi lisanatenthe, ndiwo mtunda wako, ndipo kwa anthu ambiri a uta wotere ndi mamita 15, akatswiri mwina 20. Kupitirira apo ndi juga.

Za kumangidwa, ukatsata malamulo palibe vuto, koma malamulowo alipo ambiri ndipo a DNR ya Indiana, dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire ndi zachilengedwe, sachita nawo masewera. Pamafunika laisensi ya gwape. Amene anabadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 amayenera kuchita kaye kosi ya hunter education, apo ayi atenge laisensi ya apprentice imene imalola kusaka uli limodzi ndi munthu wamkulu wa laisensi yake. Sizoni ya uta imayamba pa 1 Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Uta wosakira usachepere mapaundi 35, ngakhale ine ndinganene kuti 40 kapena 45 ndi wabwinopo ukadzalimba. Muvi uyenera kukhala ndi mutu wodula uja amati broadhead, wachitsulo kapena wamwala wosema, ndipo muvi wapoizoni ndi woletsedwa. Kuthira chimanga kapena mchere kuti ukope nyama ndi mlandu kumeneko. Munda wa munthu sulowa popanda chilolezo chake olo gwape wako wolasidwa atathawira momwemo, umakapempha kaye. Ukapha uyenera kulembetsa nyamayo kwa a DNR pasanathe maola 48. Mu Novembala a mfuti akayamba, nawenso wa uta uzivala chovala cha orenji. Ndipo nyama ya gwape wakutchire sigulitsidwa, ungadye ungagawe koma osatsegula nayo bizinesi ya kanyenya. Malamulo amasinthasintha chaka ndi chaka ndiye kabuku ka DNR ka chaka chimenecho ukawerenge wekha, kali pa intaneti komanso m'masitolo ogulitsa malaisensi.

Tsono kutchire kwenikweniko ukaphunzira kuti uta ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Chachikulu ndi mphepo. Gwape wa kumeneko, amene amati whitetail, maso ake ukhoza kuwapusitsa ukakhala duu osagwedezeka, koma mphuno yake ayi, mphepo ikangochoka kwa iwe kupita kwa iye basi zathera pomwepo, umva akufwenthera mwamphamvu kenako uona kamchira koyera kali m'mwamba akulowa m'thengo. Ndiye uona bambowo akutulutsa kabotolo ka ufa nkumapemerera m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, ndipo tsiku lina adzakana kukhala pamtengo umene amaukonda chifukwa choti mphepo yatembenuka. Uziwafunsa chifukwa chake. Uwafunsenso akuonetse njira za nyama pakati pa pogona ndi podyera, mitengo ing'onoing'ono yosupulidwa khungwa ndi nyanga, ndi malo amene atonde apalasa dothi, zimenezi zimachuluka kumayambiriro kwa Novembala nthawi yokwerana, pamene atonde amayenda olo masana. Akakukweza pa kampando ka mumtengo, lamba wodzimangirira uvale kuyambira pochoka pansi mpaka potsika, anthu ambiri ovulala pa ulenje umenewu amavulala ndi kugwa mumtengo osati ndi muvi. Kuzizira kwa kumeneko ukukudziwa kale, koma kukhala maola atatu osasuntha m'bandakucha ndi kuzizira kwina. Ukabwerako udzifufuze nkhupakupa thupi lonse, zina zimapatsa matenda a Lyme.

Bambo ameneyu akukupatsa chinthu cha mtengo wapatali, ndipo chili ndi mbiri yake. Ulenje wa uta ku America unali utazilala mfuti zitabwera, unadzukanso chifukwa cha Ishi, munthu womaliza wa mtundu wa Yahi amene anatulukira ku Oroville ku California mu 1911. Dokotala wake, Saxton Pope, anaphunzira kwa iye kusema uta ndi kuyandikira nyama, ndipo iye ndi mnzake Arthur Young ndi amene anafalitsa zimenezi. Wisconsin inatsegula sizoni yoyamba ya uta wokhawokha mu 1934, ndipo Fred Bear amene fakitale yake inali ku Grayling ku Michigan, kumpoto kwa komwe uliko, anapangitsa kuti recurve ifike m'manja mwa anthu wamba. Wamawilo uja unabwera mochedwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ndiye amene akugwirabe wamtengo lero akuchita kusankha dala njira yovuta, ndipo ambiri a iwo sizoni imatha asanaponye muvi ngakhale umodzi koma osadandaula.

Amalume, ndinaona pa YouTube mzungu akulasa gwape ndi muvi, gwapeyo nkuthawa muvi utamubowola. Mtima unandiwawa kwambiri. Si nkhanza zimenezi? Bwanji osangogwiritsa ntchito mfuti kuti nyama ife kamodzi? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, mtima wanu sunalakwe, ndipo mlenje amene samva chimene mwamvacho sayenera kupatsidwa uta. Koma ndifotokoze zimene zimachitika. Chipolopolo chimapha ndi kuphwanya, muvi umapha ndi kudula. Mutu wa muvi ukanoledwa mpaka kumameta ubweya wa pamkono, nkudutsa m'mapapo onse awiri, magazi amatsika msangamsanga ndipo nyama imagwa pasanathe mphindi imodzi, nthawi zambiri isanathamange ndi mamita 100 omwe. Kuthawa kumene munaonako kumachitika ngakhale muvi utalasa bwinobwino. Ndiye pa muvi wolasa pamalo pake sindinganene kuti ndi nkhanza kuposa mpeni umene timaphera mbuzi pa Khirisimasi.

Nkhanza zilipo koma, ndipo zimabwera ndi munthu wopupuluma. Muvi wa uta wamtengo umayenda mamita 50 kapena kuposerapo pang'ono pa sekondi, pamene phokoso limayenda mamita 340 pa sekondi, ndiye kulira kwa nsinga kumafika m'makutu mwa gwape muvi usanafike, iye amanyutuka nkutsika pansi kuti adumphe, ndipo pa mtunda wautali muvi umene unalunjika pa mapapo umakathera pamsana kapena m'mimba. Gwape wolasidwa m'matumbo akhoza kuvutika theka la tsiku kapena kuposa asanafe. Ichi nchifukwa chake alenje enieni ali ndi malamulo awoawo amene sali m'buku la boma: saponya nyama ikuthamanga, saponya ikuwayang'ana tcheru, saponya yoima chamaso kapena yowalozetsa kumbuyo, amadikira iime chammbali kapena itembenukire kumbali pang'ono mwendo wakutsogolo utapita patsogolo, ndipo pakakhala kanthambi kamodzi kokha pakati amatsitsa uta nkuisiya ipite. Ine munthu ndimamuyeza ndi nyama zimene anazisiya zipite.

Muvi ukapita ntchito ndiye yayamba. Mlenje sathamangira nyama ayi, amakhala pomwepo theka la ola kapena ola lathunthu, ataika m'mutu mtengo umene anaionera komaliza. Kenako amapita kukatola muvi nkuuwerenga. Magazi ofiira owala okhala ndi tithovu ting'onoting'ono ndi a m'mapapo, nyamayo ili pafupi ndipo yafa kale. Magazi akuda bii ndi a chiwindi, pamenepo adikire maola anayi kapena kuposa. Muvi ukatuluka ndi zobiriwira zonunkha ndiye kuti wadutsa m'mimba, apo abwerere kunyumba mwakachetechete adzabwerenso patatha maola 8 mpaka 12, chifukwa nyama yotero ikasiyidwa imagona pafupi nkufera pomwepo, koma ukaidzutsa imathamanga kutali nkukatayika, kufa kwake nkukhala kwachabe. Ndiye mudzaona munthu wamkulu ndevu zake akukwawa ndi maondo usiku ndi tochi, akufufuza kadontho ka magazi pa tsamba louma, akakapeza amangirira kapepala pa nthambi nkufufuzanso kena, mpaka aipeze. Za pa YouTube zija amadula zonsezi, amangoonetsa muvi ukuuluka ndi munthu akumwetulira atagwira nyanga.

Mfuti nayo imavulaza nyama ikakhala m'manja mwa wopupuluma, kungoti imafika patali ndiye nyama imakhala ndi mwayi wochepa.

Amalume, kuno ku England kuseri kwa nyumba yathu kumabwera tiagwape tating'ono, akuti muntjac, tikutidyera nyemba ndi rape m'kadimba kathu. Mwana wanga wa zaka 17 amaphunzira uta ku kalabu ndiye akuti atilasa. Ndimulole? — Mayi wa ku Luton

Ayi mayi, musamulole olo pang'ono. Ku Britain kulasa nyama yakutchire iliyonse ndi uta ndi mlandu, lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa, kaya ndi gwape kaya kalulu, kaya ndi m'munda mwanu momwe. Kukhala ndi uta nkololedwa, kulasa chandamale nkololedwa, koma nyama ayi, ndipo muvi wophonya pakati pa nyumba za anthu ukhoza kubweretsa maliro. Kadimbako katchingeni ndi waya wa maso ang'onoang'ono wotalika mita ndi theka, m'munsi mukhomerere bwino chifukwa muntjac amakonda kulowera pansi. Mnyamatayo ngati akufuna kukoma kwa kutchire mupezereni kalabu ya field archery, kumeneko amayenda m'nkhalango nkumalasa zidole za nyama zopangidwa ndi thovu lolimba, pa mitunda yosauzidwa.

Amalume, agogo anga aamuna anamwalira chaka chatha ndipo anandisiyira uta wawo ndi phodo la mivi isanu, ina ili ndi zakudazakuda zouma m'munsi mwa chitsulo. Ankatiuza nthano za uzimba. Ine ndimakhala pafupi ndi nkhalango ya Ntchisi ndipo agwape ndimawaona apo ndi apo. Azungu akusaka kwawo mpaka kujambula mavidiyo, ife bwanji akutiletsa za makolo athu? — Mdzukulu wa mlenje, Ntchisi

Pepa ndi maliro a agogo, mphwanga. Ndiyambe ndi chofulumira: zakudazakuda zimenezo usazikhudze ndi dzanja la bala, usazipale, ndipo mivi imeneyo ichoke pamene ana angafikire lero lomwe. Ukhoza kukhala ulembe, poizoni wa pa mivi, ndipo ulembe sutha mphamvu msanga ngakhale utauma. Makolo athu, makamaka Amang'anja a m'chigwa cha Shire, ankaupanga ndi kombe, chomera choyanga chija, ndipo umagwira mtima. John Kirk amene anayenda ndi David Livingstone m'Shire kuyambira 1859 anauona ukugwira ntchito, ndipo tsiku lina mswachi wake utakhudzana ndi kombe m'chikwama anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Mbewu zake zinapita ku Edinburgh komwe Thomas Fraser anatulutsamo mankhwala a strophanthin, amene madokotala a ku Ulaya anachizira nawo odwala mtima kwa zaka zambiri. Ndiye nzeru za agogo ako zinali nzeru zenizeni. Mauta athu sanali olemera kwambiri, muvi wabango sunkafunika kubowola nyama mbali zonse, unkangofunika kulowetsa ulembe, kenako alenje nkulondola mapazi, akaipeza nkudula kutaya mnofu wozungulira bala.

Funso lako ndalimva ndipo silopusa. Koma takumbukira bwino nthano za agogowo, uona kuti uzimba sunali chipwirikiti. Unkachitika chilimwe anthu atakolola, udzu utauma, osati nthawi ina iliyonse munthu akalakalaka nyama. Tchire linali ndi mwini wake ndipo popanda mawu a mfumu panalibe woyatsa moto kapena kuliza lipenga. Nyama inali ya amene wayamba kuilasa, wosomola ankalandira mwendo wake, mfumu inkalandira gawo lake, ndipo panali miyambo yodziletsa kunyumba usiku woti mawa kuli uzimba. Panalinso nkhalango za kumanda ndi za kachisi zimene munthu sankaponyamo muvi. Amenewo anali malamulo, ndipo ndi amene ankasunga nyama.

Chasintha ndi chiwerengero. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'Malawi, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, tchire lija lasanduka minda ndi makala, ndipo chimene chamaliza nyama si uta wa agogo ako koma khwekhwe wa waya, amene sasankha, amagwira yaikazi ya bere, mwana, fisi, ngakhale chitamba cha njovu, nyama nkuwolera pomwepo wotchera asanabwere. Ku Liwonde kokha achotsa makhwekhwe masauzande ambirimbiri chiyambire 2015. Agwape amene ukuwaona apo ndi apo ndi otsala.

Azungu ukunenawo nawonso anadutsa momwemu. Cha m'ma 1900 agwape a whitetail mu America monse anatsala pafupifupi 500,000 chifukwa chosakira malonda, ndipo ku Indiana komwe kuli mnzako wa kalata yoyamba uja anatheratu psiti cha m'ma 1890, anachita kukatenga kwina m'zaka za m'ma 1930 ndipo kusaka kunadzatsegulidwanso mu 1951. Anadikira zaka zonsezo. Analetsa malonda a nyama yakutchire, anaika masizoni ndi malire a nyama zimene munthu mmodzi angaphe, ndipo mu 1937 anakhazikitsa lamulo la Pittman-Robertson loti msonkho wa mfuti ndi zipolopolo uzipita kosamalira nyama, pambuyo pake anawonjezeramo mauta ndi mivi. Lero agwape amenewa alipo pafupifupi 30 miliyoni, achuluka mpaka akugundidwa ndi magalimoto tsiku ndi tsiku ndi kuwononga minda, mimbulu imene inkawadya inatha m'madera ambiri, ndiye boma limachita kufuna alenje. Iwo akukolola zimene anasunga, ife pakali pano tikadya tidya mbewu.

Ndipo kwathu kuno zikutheka. Majete inali itatsala mitengo yokhayokha, koma chiyambire 2003 pamene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linagwirizana ndi boma nyama zabwerera, zipembere, njovu, mikango, mpaka mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, pafupi ndi kwanu komweko.

Za lamulo usadzinamize. Kusaka mu paki, mu wildlife reserve kapena m'nkhalango yotetezedwa ngati ya Ntchisi popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kungopezeka mu paki ndi uta kapena waya nkokwanira kukutengera kukhoti. Ngakhale kunja kwa malo otetezedwa, nyama ngati gwape ndi mbawala zimafuna laisensi ya ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Lamulo la 1992 analikhwimitsa mu 2017, ndipo pa nyama ngati njovu, chipembere ndi ngaka munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Ngati nguluwe kapena anyani akukuonongerani chimanga, kanene kwa amfumu ndi ku ofesi ya zanyama, osatenga uta wekha.

Utawo usautaye ndipo usaugulitse kwa ogula ziboliboli. Usaukokenso mwamphamvu, mtengo wouma zaka zambiri umathyoka mosachenjeza. Uupukute, uudzoze mafuta pang'ono, uugoneke pa misomali iwiri m'nyumba kutali ndi chiswe ndi dzuwa, nsinga itamasulidwa. Kenako, ndipo ichi ndikukupempha ndi mtima wonse, fufuza m'mudzimo nkhalamba ya msinkhu wa agogo ako imene idakali moyo, upite ndi kashuga, ukhale nayo pansi ikuuze mtengo umene ankadula, mwezi wodulira, mmene ankaumitsira, chimene ankapotera nsinga, mmene ankawongolera bango pa makala uku akuliyang'ana ndi diso limodzi, mmene ankamangira nthenga. Ujambule pa foni. Useme wako watsopano pamaso pake, akudzudzule, usemenso. Ukatero uitane anzako muike thumba la utuchi kapena thunthu la nthochi kuseri kwa chulu, kutali ndi njira ya anthu ndi ziweto, muzipikisana. Anyamata ambiri a msinkhu wako sanaonepo muvi ukuuluka.

Amalume, mnzanga wa kutchalitchi kuno ku Grand Rapids, Michigan, wandipatsa nyama ya gwape yodzadza theka la filiza. Ena akuti agwape a kuno ali ndi matenda a ubongo. Ndidye? Nanga imaphikidwa bwanji kuti igwirizane ndi nsima? — Bambo wa ana atatu, Michigan

Bambo, matenda amene mwamvawo ndi CWD, alipodi m'madera ena a Michigan ndi m'zigawo zambiri za America, amagwira ubongo wa gwape ndipo kuphika sikuwapha. Mpaka pano palibe munthu amene watsimikizidwa kuti anawatenga, komabe a zaumoyo kumeneko amalangiza kuti nyama yopezeka nawo isadyedwe. Ndiye mufunseni mnzanuyo mosachita manyazi kuti anaiphera kaunti iti ndipo ngati anayezetsa mutu wake, a DNR ya Michigan amafotokoza madera okhudzidwa ndi malo oyezetsera. Ngati inachokera kudera la matendawa ndipo sinayezedwe, ine sindingapatse ana. Ubongo, fupa la msana, maso ndi kapamba musadye, ngakhale ndikudziwa kuti kwathu mutu sititaya.

Ikakhala yabwino mwapata. Nyama imeneyi ilibe mafuta ambiri mkati, ndipo mafuta oyera a kunja aja muwachotse onse pamodzi ndi kachikopa konyezimira, ndi amene amabweretsa fungo ndi kumata m'kamwa. Ya m'khosi, ya paphewa ndi ya m'miyendo muidule zidutswa, muikazinge kaye m'mafuta ophikira mpaka ifiire, muthire anyezi, adyo, tomato wambiri ndi madzi pang'ono, muvindikire pa moto wochepa maola awiri kapena atatu, mchere ndi tsabola kumapeto, msuzi wake ndi nsima mudzandiuza. Koma mnofu wautali wa m'mbali mwa msana uja, amene iwo amati backstrap, musauphike choncho mungauwononge, umenewo ndi wowotcha pa moto waukali mphindi zochepa mbali iliyonse nkuusiya upume musanadule. Yogayagaya ija iphikeni mpaka ipse mkati, madigiri 71 a Celsius ngati muli ndi choyezera. Ndipo mnzanuyo mukamutengere mbale ya yophika kale ndi mitanda iwiri ya nsima, alenje ambiri a kumeneko nyama ya m'miyendo amangoigayitsa chifukwa sadziwa kuti imafewa chonchi.